Mtsinje wa Zambezi ndi Zithunzi za Thomas Baines

M'boma la Ikelenge, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Zambia, muli nkhalango yaing'ono yozizira bwino. Pakati pa mizu ya mitengo ya m'nkhalangomo patuluka timadzi tochepa, toti ngakhale mwana angathe kutilumpha. Timadzi timeneto ndito chiyambi cha mtsinje wa Zambezi. Kuchokera pamenepo mtsinjewo ulowa m'dziko la Angola, nubwereranso m'Zambia, nulambalala malire a Namibia, Botswana ndi Zimbabwe, kufikira utadutsa dziko la Mozambique ndi kuthira m'nyanja yamchere ya India. Ulendo wonsewo ndi wa makilomita oposa 2,500. M'njiramo ulandira madzi a Kafue, a Luangwa ndi a Shire. Kotero ina ya mvula imene igwa ku Karonga kapena ku Lilongwe, itatsikira m'Nyanja ya Malawi, potsiriza ipita kukakhala madzi a Zambezi.

Kudzala ndi kuphwa

Kuyambira kalekale moyo wa mtsinje umenewu unali m'kudzala ndi kuphwa kwake. Mvula ikagwa kumtunda m'miyezi ya dzinja, madzi ankakwera pang'onopang'ono, nasefukira m'zigwa, ndipo pobwerera ankasiya matope akuda achonde. Nsomba zinkatsata madziwo kukaswana m'udzu womizidwa. Udzuwo ukaphukanso, ng'ombe ndi njati zinkapeza msipu m'nyengo imene kwina konse kunali gwaa.

Anthu a m'mbali mwa mtsinje anakonza makhalidwe awo motsata nyengo zimenezi. Alozi a kumadzulo kwa Zambia ali ndi mwambo wa Kuomboka, ndiko kunena kutuluka m'madzi. Chigwa chikadzala, mfumu yawo yaikulu, Litunga, ichoka ku Lealui kunka kumtunda ku Limulunga m'bwato lalikulu lotchedwa Nalikwanda, lolembedwa mizere yoyera ndi yakuda, lokhala ndi chifanizo cha njovu pamwamba pake. Kunsi kwa mathithi, m'chigwa chotentha cha Gwembe, Atonga ankakolola kawiri pa chaka. Ankalima mapira ndi mchewere ndi mvula, ndipo madzi akaphwa ankabzala chimanga, maungu ndi fodya m'madimba a m'gombe, osathira manyowa konse, pakuti mtsinje unali utawathirira kale.

Mtsinjewu unalinso njira ya malonda. Cha m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, nagula golide wochokera kwa Mwenemutapa ndi minyanga yochokera kwa Amaravi a kumpoto kwa mtsinje. Pambuyo pake malonda a minyanga anabala malonda oipa a akapolo. M'mwezi wa November 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene kunachita kadamsana wa dzuwa, ndipo kadamsanayo ndiye wathandiza ophunzira kudziwa chaka chenicheni cha kuwolokako.

Msewu umene unakanika

David Livingstone anaona mathithi aakulu a Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa November 1855, nawatcha dzina la Mfumukazi Victoria. Atatsika ndi mtsinje mpaka ku Quelimane m'chaka chotsatira, anapita kwawo nauza anthu a ku Britain kuti Zambezi angathe kukhala msewu wa sitima zolowa m'kati mwa Afirika. Koma panali malo amodzi amene iye sanawaone ndi maso. Pofuna kudula njira, analambalala mpata wa Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, poyesa kuti munali timathithi tachabe.

M'chaka cha 1858 anabweranso ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ma Robert. Pagulu lake panali mng'ono wake Charles, dokotala John Kirk, ndi mmisiri wojambula zithunzi dzina lake Thomas Baines. Munthu ameneyu anabadwira ku King's Lynn ku England m'chaka cha 1820, napita ku Cape Town ali ndi zaka 22, ndipo anali atayenda kale ulendo wovuta kumpoto kwa Australia. Masiku amenewo makina ojambulira anali olemera, ochedwa, ndiponso osaonetsa mitundu ya zinthu. Chifukwa chake gulu lililonse la oyendera maiko linkafuna munthu wa pensulo ndi utoto, kuti otsala kwawo akaone zimene anzawo anaona. Baines anapatsidwa ntchito ziwiri, kujambula ndi kusunga katundu, ndipo ntchito yachiwiriyi ndiyo inamugwetsa m'mavuto.

Ku Tete malungo anamusautsa kawirikawiri, koma akapezako bwino ankatenga zipangizo zake. Anajambula mudzi wa Tete ndi nyumba zake zamiyala, mabwato a amalonda, milambe, ndi sitima ija itatitimira mumchenga. M'mwezi wa November 1858 gululo linakwera kukaona Kebrabasa. Linapeza mtsinje wonse utapanikizika pakati pa matanthwe akuda onyezimira, otentha ngati chiwaya, madzi ali kuwinduka ndi kuzungulira. Pamwamba patali m'matanthwemo munali zizindikiro zosonyeza pamene madzi amafika akadzala. Baines anajambula mathithi ameneyo mosamala, ndipo munthu woona zithunzizo sasowa womuuza kuti sitima singapite pamenepo. Zaka ziwiri pambuyo pake bwato la Kirk linagubuduka pomwepo, iye napulumukira mkamwa mwa mbuzi, koma zolemba zake zambiri zinapita ndi madzi.

Matanthwe a Kebrabasa ndiwo anatembenuza Livingstone. Ataona kuti njira yatsekeka, analowa mumtsinje wa Shire m'mwezi wa January 1859, ndipo mu September chaka chomwecho anafika pa Nyanja ya Malawi. Mamishoni amene anadza pambuyo pake anatsata njira yomweyo.

Baines sanaione nyanjayo. Charles Livingstone anamuneneza kuti ankamwaza katundu wa gulu ndi kutaya nthawi pojambula nkhope za Apwitikizi, ndipo David anamuchotsa ntchito m'chaka cha 1859. Baines anapempha kuti mlandu wake uzengedwe poyera, koma sanamulole. Ambiri amene afufuza nkhaniyi aweruza kuti munthuyo analakwiridwa. Livingstone anali munthu wamkulu ndithu, koma pa mlandu uwu anamvera mbale wake koposa chilungamo.

Utsi wogunda

Wina akadabwerera kwawo ndi mtima wowawa. Baines anakonza ulendo wina pamodzi ndi James Chapman, nadzera kumadzulo, ku Walvis Bay, nadutsa chipululu pa ngolo za ng'ombe, nafika ku Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa July 1862. Dzinali litanthauza utsi wogunda ngati bingu. Pamenepo mtsinje wotambalala mamita 1,700 ugwera m'phompho lakuya mamita oposa 100, ndipo nthunzi yake ioneka munthu akali kutali.

Kujambula pamalo otere si ntchito yapafupi, pakuti tsidya lopenyana ndi mathithi kugwa mvula usana ndi usiku ngakhale m'chilimwe. Baines anayendayenda m'mphepete mwa phomphomo masiku ambiri, nayesa kutalika ndi kuya kwake, najambula mbali iliyonse. M'zithunzi zake muli utawaleza uli m'kati mwa nthunzi, migwalangwa ndi mitengo yonyowa, anthu opalasa mabwato kumtunda kwa mathithi, ndi gulu la njati zitapanikizidwa ndi alenje m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Anayesanso kupanga ngalawa zoti atsike nazo mtsinje mpaka kunyanja, koma malungo ndi njala zinamuletsa. Buku la zithunzi zake za mathithi linasindikizidwa ku London m'chaka cha 1865. Iye mwini anamwalira ku Durban m'chaka cha 1875 ali wosauka. Zithunzi zake zambiri zisungidwa ku Royal Geographical Society ku London ndi kunyumba yosungiramo mbiri yakale ku Harare.

Anthu ambiri a ku Ulaya anayamba kudziwa maonekedwe a Zambezi chifukwa cha zithunzi zimenezi. Komabe chithunzi, ngakhale chikome chotani, chiimitsa mtsinje pa tsiku limodzi. Chionetsa mphamvu ya madzi ndi kukongola kwake, koma sichingathe kuonetsa kuti gombe louma lija lidzamira ikatha miyezi isanu, ndi kuti likadzaumanso mayi wina adzabzalapo maungu odyetsa ana ake m'nyengo ya njala. Akuluakulu amene ankalamula za mtsinjewu ali kutali ankaudziwa monga munthu adziwira chithunzi. Anamanga mlatho wa njanji kunsi kwa mathithi m'chaka cha 1905, pamalo oti nthunzi izigwera pa sitima zodutsa, monga anafunira Cecil Rhodes, amene anamwalira asanawaone mathithiwo. Patapita zaka makumi asanu, maganizo awo anatembenukira ku magetsi.

Makoma awiri

M'chaka cha 1955 boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linasankha kumanga damu pa mpata wa Kariba, kuti migodi ya mkuwa ndi mafakitale zipeze magetsi. Atonga anati Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, sadzalola. M'chaka cha 1957 kunadza madzi aakulu amene anaononga ntchito, ndipo mu 1958 kunadza ena oposa oyambawo, nakokolola mlatho ndi zipangizo. Amisiri sanaleke. Khoma lotalika mamita 128 linatseka mtsinje mu December 1958, ndipo kumbuyo kwake kunayamba kukula nyanja yotalika makilomita oposa 200.

Anthu okwana 57,000 anasamutsidwa m'midzi yawo, ena tsidya lino, ena tsidya lija, abale nalekana. Anasiya madimba ndi manda a makolo awo, napatsidwa malo amiyala ndi amchenga kumene munthu akolola kamodzi kokha, ndiponso ngati mvula yagwa. Mu September 1958 anthu a kwa Mfumu Chipepo anakana kukwera malole opita ku Lusitu; apolisi anawombera, nafa amuna 8. Nthawi yomweyo anthu ena, wotsogolera wawo Rupert Fothergill, ankayenda m'mabwato kupulumutsa nyama zotsekeredwa pa zilumba, napulumutsa pafupifupi 6,000. Ntchitoyo inali yabwino ndi yofuna kulimba mtima. Koma manyuzipepala a kunja anadzaza ndi zithunzi za zipembere ndi agwape, pamene za ana a Atonga amene ankafa ndi matenda m'midzi yatsopano zinamveka pang'ono pokha.

Khoma lachiwiri, lotalika mamita 171, linamangidwa ndi Apwitikizi mumpata womwe uja unabweza Livingstone, ndipo linatha m'chaka cha 1974. Dzina lake lilembedwa Cahora Bassa. Magetsi ake ambiri anakonzedwa kuti azipita ku South Africa pa mawaya a makilomita 1,400.

Palibe angakane kuti makoma awiriwa aunikira mizinda, nayendetsa migodi ndi zipatala. Mu 1967 ndi 1968 anatenganso kapenta ku Nyanja ya Tanganyika namuika ku Kariba, ndipo anaswana kwambiri, nakhala ndiwo za anthu ochuluka. Koma damu la magetsi lifuna kuti madzi azituluka mofanana chaka chonse. Ligwira madzi a dzinja ndi kuwatulutsa m'chilimwe. Matope achonde aja atsalira pansi pa nyanja, ndipo madzi otuluka, pokhala opanda katundu, akumba magombe a kumunsi. Kumatsiriro a mtsinje, m'madambo a Marromeu, nthaka inayamba kuuma, moto wolusa nulowa m'malo amene kale munali madzi. Njati za kumeneko, zimene zinali zosawerengeka, zinachepa kwambiri, ngakhale kuti pa ichi nkhondo ndi alenje zinathandizanso. Asodzi a m'nyanja yamchere anaona kuti camarão, kanyama kokoma konga nkhanu kamene kakulira kumatsiriro, kachepa m'makoka awo. Anthu ataona kuti madzi sasefukiranso, anamanga nyumba kufupi ndi mtsinje. Tsono m'zaka za mvula yambiri, monga 1978 ndi 2001, zitseko za madamu zitatsegulidwa, madzi anawapeza ali m'nyumba.

Matenda ena alowa m'Zambezi kudzera m'mitsinje yothiramo. Shire atsika wofiira ndi dothi lochokera m'mapiri ometedwa mitengo, ndipo namasupuni atseka makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa mkuwa linagumuka pafupi ndi Chambishi, madzi a asidi nalowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, mbewu za m'madimba zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi akumipopi. Chilala cha 2024 nachonso chinaphwetsa nyanja ya Kariba kotero kuti mabanja ambiri a ku Zambia ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Akatswiri a zamadzi akhala akupempha kuti eni ake a Cahora Bassa azitulutsa dala madzi ochuluka kwa milungu ingapo m'nyengo ya dzinja, atachenjeza anthu, kuti madambo a kumunsi amweko monga kale. Chovuta ndi chakuti madzi otuluka pazitseko sapanga magetsi, ndipo magetsi ndiwo abweretsa ndalama.

Mosi-oa-Tunya ali kumtunda kwa makoma onse awiri, ndipo munthu woima tsidya lopenyana ndi mathithi, atagwira buku la 1865, angathe kuloza chilumba ndi thanthwe monga Baines anazijambulira. Ku Lealui nakonso, chaka chimene mvula yagwa bwino, ng'oma zilira ndipo Nalikwanda anyamuka. Koma mathithi ambiri a Kebrabasa anamira pansi pa nyanja ya Cahora Bassa, ndipo wofuna kuwaona ayenera kuwafuna m'zithunzi. Kapenta wa ku Kariba anatsika yekha ndi mtsinje nafika m'nyanjayo, ndipo usiku asodzi ayatsa nyale zawo pamadzi odekha, pamwamba pa matanthwe amene anabweza Livingstone.