Mudzi Wopanda Nthaka

Ife tikamanena za mudzi timaganiza za nyumba, nkhokwe, bwalo ndi manda a makolo. Koma m'dziko la England munali anthu amene anabadwira, kukulira ndi kukalambira m'ngalawa, osakhala ndi nthaka ngakhale yobzalapo dzungu limodzi. Mbiri yao itiphunzitsa kuti cimene cimanga mudzi si dothi ai, koma cibale ca anthu.

Ciyambi ca nkhaniyi ndi malasha. M'caka ca 1761 Angerezi anatsegula mfuleni waukulu wocedwa Bridgewater Canal, umene mmisiri James Brindley anatsogolera pokumba, kuti malasha a ku Worsley azifika ku Manchester pamadzi. Mtengo wa malasha unatsika ndi theka, ndipo posakhalitsa mifuleni yotere inafalikira m'dzikomo. Pa zitunda anamangapo zipata zotsekera madzi kuti ngalawa zizikwera ndi kutsika, ndipo popeza zambiri mwa zipatazo zinali zopapatiza, ngalawa nazonso anazipanga zoonda: mapazi 70 m'litali, koma mapazi 7 okha m'mimba. Kavalo mmodzi woyenda m'mphepete anali kukoka ngalawa yosenza matani 25.

Poyamba woyendetsa ngalawa anali ndi nyumba yace kumtunda, kumene mkazi ndi ana anali kumdikira. Zinthu zinasintha njanji itabwera. Mu 1830 sitima inayamba kuyenda pakati pa Liverpool ndi Manchester, ndipo m'zaka zotsatira eni ngalawa anatsitsa malipiro pofuna kupikisana nayo. Munthu wosauka analephera kulipira nyumba pamodzi ndi wanchito womthandiza. Cotero anatenga banja lace nalowa nalo m'ngalawa. Mkazi anagwira ciongolero, mwana natsogolera kavalo. Onsewo anagona m'kacipinda ka kumbuyo kosapitirira mapazi 10 m'litali. Citseko ca kabati ndico cinali gome lao, ndipo kama anali kumpinda kukaca. Ngakhale zinali conco, akazi anapukuta ziwiya zamkuwa mpaka kunyezimira, napacika mbale zokongola pakhoma, ndipo pa zitseko ndi pa zitini za madzi panajambulidwa maluwa ndi nyumba za mafumu.

Anthu a kumtunda anawanyoza, nawayesa akapolo a nchito opanda mwambo. Ana ao sanathe kuphunzira, cifukwa sanali kukhalitsa pamalo amodzi. George Smith wa ku Coalville anawadandaulira ku boma, ndipo malamulo a 1877 ndi 1884 anati ngalawa zilembedwe m'buku, ziziyenderedwa, ndiponso ana azipita kusukulu. Koma lamulo silinathe kuimitsa ngalawa pakhomo pa sukulu, motero ambiri anakula osadziwa kuwerenga.

Pokanidwa kumtunda, anthuwa anasanduka ngati mtundu paokha. Anakwatirana okhaokha, nadziwana mabanja ndi maina a ngalawa. Uthenga wa maliro kapena wa kubadwa kwa mwana unayenda pakamwa, pamene ngalawa zinali kuphonyana panjira. Madzulo anali kumanga ngalawa zao moyandikana padoko, nadyera limodzi nkhani za tsikulo. Mudzi wa Braunston anauyesa kwao, pakuti m'chalichi ca kumeneko ambiri anabatiziramo ana ndi kumangiramo maukwati, ndipo akufa ao anawaika pomwepo. Ku Stoke Bruerne kunali namwino Mary Ward, amene anawasamalira zaka zambiri pa matenda ndi pa ucembere.

Umodzi wao unaonekera poyera mu 1923. Kampani ya Fellows, Morton & Clayton itafuna kudula malipiro, mabanja anasonkhanitsa ngalawa zoposa 50 pa Braunston, nakana nchito masabata 14. Anthu amene dziko linawayesa omwazika anaima nji ngati mudzi umodzi.

Cimene njanji inayamba, malole ndi cisanu zinatsiriza. M'nyengo yozizira ya 1962 ndi 1963 madzi a m'mifuleni anaundana ngati mwala, ndipo ngalawa zinaima miyezi pafupifupi itatu. Amalonda anapereka katundu wao kwa oyendetsa malole, ambiri osabwereranso. Mu 1970 maulendo otsiriza otengera malasha ku Southall anatha.

Komabe mifuleni sinafe. L. T. C. Rolt, amene anakhala m'ngalawa yace yocedwa Cressy, anatulutsa buku la Narrow Boat mu 1944, ndipo mu 1946 iye ndi anzace anayambitsa bungwe la Inland Waterways Association lopulumutsa mifuleniyo. Lero anthu zikwi zambiri akhala m'ngalawa, ena pokonda bata, ena pothawa kudula kwa nyumba mumzinda wa London. Iwowa sanyamula katundu wamalonda, ndipo si zidzukulu zonse za akale aja. Koma padoko mnansi agwirirabe mnzace cingwe pokoceza, amgawira nkhuni cisanu cikakula, namlondera ngalawa iye akacoka. Akulu athu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Wokhala pamadzi aphunzira mau amenewa msanga, pakuti adziwa kuti tsiku la bvuto womthangata woyamba ndi uyo wamanga ngalawa pafupi naye.