Kuchepa kwa Magazi M'thupi mwa Anthu Achikulire

Munthu amatchedwa wochepa magazi pamene hemoglobin, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wabwino kupita m'ziwalo, yatsika. Malinga ndi bungwe la World Health Organization, mlingo wake ukhala wochepa ukatsika pansi pa magalamu 13 pa desilita kwa amuna, ndi pansi pa magalamu 12 kwa amayi amene sali oyembekezera.

Mwa achikulire, vutoli limabisala. Agogo akamatopa msanga kumunda, kuchita chizungulire poimirira, kubanika pokwera chitunda, kapena mtima ukamathamanga, apabanja amangoti ndi ukalamba. Koma ukalamba paokha suchepetsa magazi kufika pamenepo; kawirikawiri pamakhala nthenda ina imene yayambitsa. Zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope zimayera, ndipo wodwalayo amagwa kawirikawiri. Kwa amene ali kale ndi vuto la mtima, matendawo amakula.

Choopsa kwambiri ndi kutaya magazi pang'onopang'ono m'mimba ndi m'matumbo, mwiniwake osadziwa. Izi zimachitika chifukwa cha zilonda za m'mimba, khansa ya m'matumbo, njoka za m'mimba, komanso kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen, amene achikulire ambiri amagula m'magolosale pofuna kuziziritsa nyamakazi. Chimbudzi chakuda ngati phula kapena cha magazi n'chizindikiro chofunika kupita nacho kuchipatala tsiku lomwelo. Malungo, likodzo, chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda a impso nazonso zimachepetsa magazi.

Zakudya zili ndi mbali yake. Wokalamba amene mano anatha amasiya nyama n'kumadalira phala ndi tiyi, motero amasowa ayironi ndi vitamini B12. Chiwindi, usipa wosinja, mazira, nyemba, khobwe, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, makamaka zikatsatiridwa ndi zipatso monga malalanje, magwafa kapena malambe. Tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Zakumwa zofiira za shuga, ngakhale zimatchuka, siziwonjezera magazi.

Kuyeza hemoglobin kumafuna kadontho chabe ka magazi a pachala. Mapiritsi a ayironi ayenera kumwedwa achipatala atapima ndi kufufuza gwero, chifukwa angathe kukweza magazi kwa kanthawi pamene chilonda kapena chotupa chikupitirira kukha.