Chiwindi Nacho Chili ndi Wotchi Yake

Sabata ino tiyambire ku France m'chaka cha 1729. Katswiri wa zakuthambo, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan, anatenga kachomera ka mimosa, kaja kamapinda masamba ukakakhudza, n'kukatsekera mu mdima. Masamba ake ankatambasukabe masana n'kupindika usiku, pomwe dzuwa sikankaliona. Nanga nthawi kankaidziwa bwanji?

Yankho linachedwa zaka zoposa 240. Mu 1971, Ronald Konopka ndi Seymour Benzer a ku Caltech anapeza tintchentche ta pa zipatso tomwe tsiku lawo linali la maola 19, tina 28, tina topanda dongosolo n'komwe. Gwero linali jini imodzi, yomwe anaitcha period. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young anaipatula mu 1984, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2017. Puloteni ya jiniyi imachuluka usiku, ikachuluka imazimitsa jini yomwe inaipanga, masana imatha, zonse n'kuyambiranso.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankati mwini nthawi ndi ubongo basi, popeza mu 1972 anapezamo kachigawo komwe kamatsatira kuwala kolowa m'maso. Koma mu 2000, gulu la Ueli Schibler ku Geneva linasintha nkhani. Mbewa zimadya usiku, iwo anazipatsa chakudya masana okha. Patatha masiku angapo, wotchi ya m'maselo a chiwindi inatembenuka, ya ubongo osasuntha. Ubongo ukumvera dzuwa, chiwindi chikumvera mbale!

Ziwirizi zikasemphana, thupi limavutika. Mu 2005, ku Northwestern University, mbewa zomwe jini yawo ya Clock inali yolakwika zinkadya nthawi iliyonse, zinanenepa, shuga ndi mafuta n'kuchuluka m'magazi. Mu 2012, gulu la Satchin Panda ku Salk Institute linapatsa mbewa chakudya chamafuta chofanana. Zomwe zinkadya m'maola 8 okha sizinanenepe ngati zinzake zongodya usana ndi usiku.

Inde, anthu si mbewa. Komabe kafukufuku wa anthu ogwira ntchito za usiku wasonyeza kuti matenda a shuga amawagwira mochulukirapo. Taganizani za alonda, anamwino ndi oyendetsa mathiraki omwe amadya nsima pakati pa usiku chifukwa ntchito yatero. Mukamakonza mashifiti, abwana, kodi nthawi yodyera mumaiganizirako?