Tonde wofulidwa ndi alangizi a ku Mikolongwe

Kwathu ku Chiradzulu, dzina la Mikolongwe timalitchula ngakhale pa nkhuku. Nkhuku zakuda zija za Black Australorp zinayamba kufalitsidwa kuchokera kumeneko m'zaka za m'ma 1950, ndipo alangizi a ziweto ambiri anaphunzira komweko.

Alangiziwo asanafike m'midzi, tonde ankafulidwa ndi mpeni pakhomo, pabala n'kuwazapo phulusa. Nthawi ya dzinja bala lotere silinkachedwa kuchita mphutsi. Agogo anga ankamangirira wofulidwayo pakhonde pouma, kumuingitsira ntchentche, n'kumamudyetsa madeya ndi kholowa pamanja mpaka ayambenso kubzikula. Akabzikula m'pamene mtima wawo unkakhala pansi. Ndimawalemekeza nazo mpaka lero.

Kenaka alangizi anabwera ndi Burdizzo, chitsulo chopana mitsempha khungu osang'ambika, ndipo phulusa linabwerera kukhitchini.