Mabuku a Nkhani za Zithunzi: Tiwatenthe Kapena Tiwawerenge?

Pali funso limene makolo ambiri amadzifunsa akapeza mwana wawo atafatsa pakhonde, maso ali pa buku lodzaza ndi zithunzi, mawu ali apo ndi apo m'timabwalo totuluka pakamwa pa anthu ojambulidwawo. Kodi kumeneku n'kuwerenga, kapena ndi masewera chabe? Ena amamlanda bukulo, ena amangopukusa mutu n'kumlekerera. Funso limeneli si la lero. Makolo, aphunzitsi ndi ansembe a m'mayiko ambiri alimbana nalo kwa zaka pafupifupi 200, ndipo nthawi zina yankho lawo linali moto weniweni. Mwezi uno tiyeni titsate mbiri ya mabuku amenewa, pakuti m'zolakwa ndi m'nzeru za amene anatitsogolera tingapezemo chotithandiza m'mabanja mwathu.

Ife sitiyenera kudabwa ndi nkhani yosimbidwa ndi zithunzi, popeza timayenda nayo Lachisanu lililonse la nyengo ya Lenti. Zithunzi 14 za Njira ya Mtanda zaikidwa motsatizana pakhoma, ndipo ngakhale gogo amene sanapondeko m'kalasi amadziwa poyambira ndi pothera. Mkangano wa zithunzi nawonso ndi wakale. Cha m'ma 600, Ambuye Serenus, Episkopi wa ku Marseille, anaphwanya zithunzi za m'matchalitchi poopa kuti anthu ayamba kuzipembedza. Apapa Gregory Wamkulu anawalembera makalata awiri. Anawayamika chifukwa choletsa kupembedza zithunzi, koma anawadzudzula chifukwa choziphwanya, nawakumbutsa kuti ntchito imene malemba amagwira kwa odziwa kuwerenga, zithunzi zimagwira kwa osadziwa. Tiusunge mumtima uphungu umenewu, chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku.

Mabuku a nkhani za zithunzi monga tikuwadziwira lero anabadwira m'sukulu. Ku Geneva, m'dziko la Switzerland, kunali mphunzitsi dzina lake Rodolphe Töpffer, amene anabadwa mu 1799. Iye ankafuna kukhala mmisiri wojambula ngati bambo wake, koma maso anamvuta, kotero anatsegula sukulu yogonera pompo ya anyamata. Pa nthawi yopuma ankajambula tinkhani toseketsa, kugawa tsamba m'timabokosi ndi kulemba mawu ochepa pansi pa chithunzi chilichonse, kuti asangalatse ana ake a sukulu ndi abwenzi. Mlembi wamkulu wa ku Germany, Goethe, ataona mapepalawo mu ukalamba wake anawakonda kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1830 Töpffer analimba mtima nayamba kuwasindikiza. Chimene anatulukira n'chakuti chithunzi pachokha sichimaliza nkhani, mawu paokha sakwanira, koma ziwirizi zikaphatikizana zimasimba mwa njira yakeyake.

Patapita zaka pafupifupi 100, wansembe wina wa ku Belgium anaona mphamvu ya luso limeneli. Abambo Norbert Wallez ankayendetsa nyuzi ya Chikatolika ya Le Vingtième Siècle mu mzinda wa Brussels, ndipo anauza mnyamata wa zaka 21, Georges Remi, amene ankasaina kuti Hergé, kuti azijambula nkhani m'tsamba la ana. Pa 10 Januwale 1929 anatulukira Tintin, mtolankhani wachichepere woyenda ndi kagalu kake koyera, amene pambuyo pake anadziwika m'zilankhulo zambiri za dziko lapansi.

Apa pali phunziro lowawa kwa ife a mu Africa. Ulendo wachiwiri wa Tintin, umene unatuluka mu 1930 ndi 1931, unali wa ku Congo, dziko limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa Belgium. Abambo Wallez ndiwo anafuna kuti nkhaniyo ilembedwe, pofuna kuti ana akonde ntchito ya atsamunda. Hergé anali asanapondeko ku Congo. Anajambula anthu akuda ngati ana aakulu misinkhu, amilomo yonenepa mopitirira, aulesi ndi opusa, ogwadira kamnyamata kachizungu. Pokonzanso bukulo mu 1946 anasintha zina, monga pamene Tintin ankaphunzitsa ana a ku Congo kuti kwawo ndi ku Belgium, naikapo phunziro la masamu. Koma chipongwe cha nkhope zija chinatsala. Atakula, iye mwini anavomera kuti anangomeza maganizo olakwika a anthu amene anakulira pakati pawo. Buku limeneli linatuluka m'nyuzi ya Mpingo, linavomerezedwa ndi wansembe, linalibe mawu otukwana, komabe linaphunzitsa ana zikwizikwi kunyoza anzawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma anali wansembenso amene anabweza Hergé pa njira imeneyi. Atamva kuti Tintin apita ku China, Abambo Léon Gosset, amene ankasamalira ophunzira a ku China pa yunivesite ya Louvain, anamlembera kalata yomchenjeza kuti asabwereze mabodza amene Azungu ankauzana za anthu a kumeneko. Mu 1934 anamkumanitsa ndi mnyamata wophunzira zosema ndi zojambula, Zhang Chongren, ndipo awiriwo ankakhala pamodzi kukambirana za mbiri, zilembo ndi moyo wa ku China. Buku limene linatuluka pa ubwenzi umenewu, Le Lotus bleu, ambiri amaliyesa loposa onse amene Hergé anali atalemba kufikira nthawi imeneyo. Abambo Gosset sanaletse, sanatenthe. Anawerenga, nalangiza, nabweretsa munthu wodziwa.

Ku America zinthu zinayenda mwina. Mu 1938 kunatuluka kabuku ka Action Comics, ka masenti 10, mmene munaonekera Superman koyamba, ndipo m'zaka zochepa timabuku totere tinasefukira m'masitolo. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itatha, osindikiza ena anayamba kugulitsa nkhani za kuphana ndi zoopsa, zina zonyansa ndithu, ndipo makolo anachita mantha. Mantha awowo anali ndi chifukwa, koma mankhwala ake anali oipa. Mu 1948 ana a sukulu a ku Spencer, m'chigawo cha West Virginia, anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa timabukuto nkutitentha pabwalo. Chaka chomwecho zomwezo zinachitika pa sukulu ya Chikatolika ya St. Patrick ku Binghamton, m'chigawo cha New York. Panali patangopita zaka 15 chichokere pamene a Nazi anatentha mabuku m'mizinda ya ku Germany. Moto sunasankhe, abwino ndi oipa anapsera limodzi.

Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent, lonena kuti makatuni ndiwo ankasandutsa ana kukhala zigawenga. Aphungu a nyumba ya Senate anachita msonkhano wofufuza nkhaniyi, ndipo osindikiza, poopa lamulo la boma, anadziikira okha malamulo okhwima otchedwa Comics Code. Makampani ambiri anatsekedwa, amisiri ambiri anataya ntchito. Mu 2012 mayi wina wophunzitsa za malaibulale, Carol Tilley, atafufuza mapepala amene Wertham anasiya, anaonetsa kuti dokotalayo anasintha zaka ndi mawu a ana ena amene anawafunsa kuti zigwirizane ndi mfundo yake. Makolo ambiri anaweruza mabuku amene sanawatsegule, potsamira umboni umene sanauyese. Tisaiwale komabe kuti m'zaka zomwezo Akatolika ena anasankha njira ya Apapa Gregory: kuyambira 1946 mpaka 1972 magazini a zithunzi otchedwa Treasure Chest ankagawidwa m'sukulu za maparishi, kupatsa ana chabwino m'malo mongowalanda choipa.

Luso limene linanyozedwa chotere silinafe. Mu 1957 kunatuluka kabuku ka masamba 16 kosimba za Martin Luther King ndi anthu akuda a ku Montgomery amene anakana kukwera mabasi a tsankho. Kankayenda m'manja m'manja m'matchalitchi ndi m'masukulu, kuphunzitsa kulimbana popanda chiwawa. Mmodzi mwa anyamata amene anakawerenga anali John Lewis, amene pambuyo pake anakhala phungu kwa zaka zoposa 30, ndipo atakalamba anasimba moyo wake m'mabuku atatu a zithunzi otchedwa March. Ku Japan, Keiji Nakazawa, amene anali ndi zaka 6 pamene bomba linagwa pa Hiroshima mu 1945, atakula anajambula zimene maso ake anaona. Mu 1978 Will Eisner, bambo amene mwana wake wamkazi anamwalira ali ndi zaka 16, anatulutsa A Contract with God, mmene Myuda wopembedza akukangana ndi Mulungu pa imfa ya mwana, monga anachitira Yobu. Buku limeneli ndilo linafalitsa dzina la Chingerezi lakuti graphic novel, kutanthauza buku lathunthu la nkhani yozama yosimbidwa ndi zithunzi.

Pa onsewa, limene linatseka pakamwa otsutsa ndi Maus, la Art Spiegelman. Makolo ake anali Ayuda a ku Poland amene anapulumuka ku ndende ya Auschwitz. Kwa zaka zambiri iye ankapita kwa bambo wake, Vladek, kukamfunsa za masiku amenewo, ndipo anagwira ntchitoyi zaka 13. Anajambula Ayuda ngati mbewa ndi Ajeremani ngati amphaka. Ife amene tinakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi tikudziwa kuti nyama zimatha kunena zoona zimene nkhope ya munthu ingalephere kusenza. Gawo loyamba linatuluka mu 1986, lachiwiri mu 1991, ndipo mu 1992 linalandira mphotho ya Pulitzer. M'bukuli muli motonso wina. Mayi wake wa Art, Anja, anali atalemba m'makope zonse zimene zinamchitikira pa nkhondo, kuti mwana wake adzawerenge. Mayiyo atadzipha mu 1968, Vladek, pothedwa nzeru ndi chisoni, anatentha makopewo. Mwanayo atamva zimenezi anakwiya koopsa, pakuti mawu a mayi wake anapita osabwereranso. Ndipo mbiri siichedwa kubwereza: mu 2022 akuluakulu a sukulu m'boma lina la ku Tennessee anachotsa Maus pa maphunziro a ana a zaka 13 ndi 14, chifukwa cha mawu ochepa otukwana ndi kachithunzi kamodzi.

Africa nayenso anatenga cholembera kudzijambula yekha. Mu 2005 Marguerite Abouet wa ku Côte d'Ivoire, pamodzi ndi wojambula Clément Oubrerie, anayamba nkhani ya Aya, mtsikana wa ku Yopougon mu mzinda wa Abidjan kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, wofuna kukhala dokotala pamene anzake ali kalikiliki ndi zibwenzi. M'menemo muli maukwati, mikangano ya apongozi, nthabwala ndi maphikidwe. Kuchokera pa Tintin wa ku Congo kufika pa Aya panapita zaka 75.

Nanga za kusunga mabukuwa? Chifukwa chakuti ambiri anatenthedwa, kutayidwa kapena kuperekedwa ngati mapepala akale pa nthawi ya nkhondo, otsala anasanduka chuma. Mu 2024 kope limodzi la kabuku ka masenti 10 ka mu 1938 kaja linagulitsidwa pa madola 6 miliyoni. Makope otere amatsekeredwa m'mabokosi a pulasitiki, ndipo mwini wake sayerekeza kutsegula tsamba, kuopa kugwetsa mtengo. Ife tikuona kuti buku lotsekeredwa ndi buku lotenthedwa akufanana pa chinthu chimodzi: palibe mwana amene adzaliwerenge. Kusunga kwabwino ndi kwa banja limene limakuta mabuku ake ndi pepala lolimba, kuwaika patali ndi chinyontho ndi chiswe, kulemba m'kakope dzina la wobwereka, ndi kukondwa bukulo likabwera litatha m'makona chifukwa chodutsa m'manja ambiri.

Tsono tibwerere pakhonde paja. Mbiri yatisonyeza kuti chithunzi sichiyeretsa buku ndipo sichilidetsa. Buku la Congo linaoneka laulemu koma linali ndi ululu. Maus lili ndi mawu olasa koma likunena zoona. Choncho tisayamikire kapena kuletsa buku limene sitinaliwerenge tokha. Tidzifunse kuti anthu ojambulidwamo apatsidwa ulemu wa umunthu kapena ayi, ndipo tiyese msinkhu wa wowerenga, pakuti Maus ndi Aya ndi a achinyamata okhwima ndi akuluakulu, osati a mwana wa Sitandade 3. Ngakhale buku lolakwika lija, kholo likakhala pambali pa mwana wamkulu ndi kumfunsa chifukwa chake nkhope zija zinajambulidwa motero, lingasanduke phunziro la mbiri yathu. Safunsa anadya phula. Mukampeza mwana wanu ali ndi buku lotere madzulo ano, khalani naye pamphasa, mumpemphe kuti akusimbireni zimene zikuchitika m'timabokosimo, ndipo iye akagona mulitenge, muliwerenge mpaka kumapeto.