Ulimbo wa Maselo ndi Khansa ya M'mawere

Mu 1969 Henry Harris wa ku Oxford anaphatikiza selo ya khansa ndi selo yabwinobwino, ndipo ukali wa khansayo unazilala. Apa panaoneka kuti m'thupi muli majini oletsa khansa. Mu 1971 Alfred Knudson, pofufuza khansa ya m'diso mwa ana, anati khansayo imayamba pakachitika kuwonongeka kuwiri, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti jini yotere imagonja pokhapokha mbali zonse ziwiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo, zitawonongeka.

Ku Kyoto, Masatoshi Takeichi analibe nayo ntchito khansa. Iye ankafuna kudziwa chimene chimamata maselo kuti asamwazike. Mu 1977 anasonyeza kuti kumatana kwina kumadalira kashiyamu, ndipo mapuloteni ake anadzawatcha cadherin. Imodzi mwa iwo, E-cadherin, ndiyo ulimbo wogwirizitsa maselo a m'njira za mkaka.

Nkhani ziwirizi zinakumana mu 1991, pamene akatswiri a ku Germany ndi Belgium anaona kuti maselo akataya ulimbowu amalowerera mnofu woyandikana nawo, koma akabwezeredwa amakhazikika. Mu 1995 Geert Berx ndi anzake ku Ghent anapeza jini yake, CDH1, itawonongeka mu khansa ya lobular, yomwe imapezeka mwa amayi 10 mpaka 15 pa 100 alionse odwala khansa ya m'mawere. Khansa imeneyi njozembera. Maselo ake saunjikana malo amodzi, amangondondozana mumzere umodziumodzi. Motero mayi akhoza kusisita bere osapeza chotupa, bere n'kumangokhuthala, ndipo mammogram, njira yojambula bere, nayo nthawi zina imaphonya.

Mu 1998 Parry Guilford wa ku Otago, mogwirizana ndi banja lina la a Māori limene linkataya abale ndi khansa ya m'mimba, anatsimikiza kuti vuto la CDH1 nthawi zina limayenda m'magazi. Amayi a m'mabanja otere ali pachiopsezonso cha lobular.

Amene ankati nkhani yatha anafulumira. Mu 2019 gulu la Andrew Ewald ku Johns Hopkins linapeza kuti mu khansa ya ductal, yomwe ndiyo yofala kwambiri mwa khansa za m'mawere, E-cadherin yomweyo imathandiza maselo osochera kupulumuka mpaka kukamera kwina. Masiku ano madokotala akakayika ngati ndi lobular kapena ductal, amapima E-cadherin m'kachidutswa kochotsedwa m'bere, popeza mu lobular ulimbowu kawirikawiri umakhala utatayika.