Wokoka kalavani musamuuze kuti "msewu uli bwino"

Pali yankho limene lazolowereka pakamwa pathu moti sitimvanso kuperewera kwake. Munthu akafunsa za msewu timangoti, "Uli bwino, dzerani komweko." Wokwera minibasi yankho lotere silimupweteka, pakuti wodziwa msewu ndi dalaivala. Koma wofunsayo akakhala kuti wakoleka kalavani kumbuyo kwa galimoto, mawu amenewa ndi ochepa kwambiri, ndipo nthawi zina amakhala bodza lonenedwa ndi mtima wabwino. Zikwangwani za m'misewu yathu zambiri ndi zithunzi ndi Chingerezi. Chimene dalaivala amanyamuka nacho m'mutu ndi Chichewa chimene wamva kwa anzake, n'chifukwa chake Chichewacho chiyenera kukhala cholunjika.

Kuno ku Nkolokosa kalavani si yachilendo. Sindikunena nyumba zoyenda zija amakoka alendo ochokera ku South Africa popita kunyanja, zokhala ndi bedi ndi pophikira m'kati, ngakhale nazonso timakumana nazo pa Zalewa. Zathu ndi zija za matayala awiri, zokolekedwa kumbuyo kwa kosita pakagwa zovuta, kwaya ikamapita ku Mangochi, kapena achibale akamapita kuchinkhoswe kumudzi. M'bandakucha mupeza anyamata akulonga: matumba a ufa pansi, mapoto akuluakulu atawavundikira, mipando yapulasitiki yolowetsana, mapaipi a tenti atasuzumira kumbuyo, pamwamba lona, kenako malegeni kukunga mpaka kulira. Wina amamanga kansalu kofiira kunsonga kwa mapaipiwo. Zikatha izi m'pamene dalaivala amatembenukira kwa akuluakulu n'kufunsa kuti, "Madala, tidzere kuti?"

Dzina la chinthucho tisakanganepo nthawi yaitali. Ena amati thirela, ena kalavani, ndipo onse amamveka. Ngolo tiisiyire ng'ombe ndi abulu, kuti wina akanena kuti pamsewu pali ngolo, dalaivala adziwe kuti kutsogolo kuli chinthu choyenda pang'onopang'ono chopanda nyali. Chimene khutu langa limakana ndi "kalavani kanga kadzadza." Ka- wa m'mawuwa si wochepetsa ngati wa kamwana kapena kampeni. Kalavani imayendera limodzi ndi kalata: kalata yanga, makalata anga, kalavani yanga, makalavani anga. Ikakhala yaing'ono m'pamene timati kakalavani.

Tiyambe ndi ulendo wa ku Mulanje, poti pamenepa m'pamene nkhani ya misewu iwiri imaoneka bwino. Mukafika ku Limbe muli ndi kusankha. Mutha kudzera ku Thyolo: Chigumula, Bvumbwe, boma la Thyolo, Luchenza. Muthanso kudzera ku Midima, msewu umene mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linaupatsa dzina la Robert Mugabe, koma pasiteji ya basi mpaka lero aliyense amati wa Midima. Mukafunsa anthu awiri kuti wabwino ndi uti, mmodzi adzati wa Thyolo, winayo wa Midima, ndipo palibe amene wanama. Woyamba akukumbukira minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, yoyalidwa pazitunda mpaka kumene maso alekeza. Wachiwiri akukumbukira kuti anafika msanga. Mawu oti "wabwino" ameza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wokoka kalavani sanathandizidwe.

Ndamvanso achinyamata akuti "msewu wa Thyolo ndi wokongola." Chiganizochi chili ndi fungo la chinenero china. Kwa ife msewu wokongola ndi umene authira tala watsopano, uli see, mizere yoyera ikuoneka. Zimene zikukongola ku Thyolo ndi malo, osati msewu. Tinene kuti msewuwo umadutsa malo okongola, kenako tiwonjezere zimene wokoka katundu akufuna kumva: ndi wokhotakhota, wa zitunda ndi mitsetse, ndipo nyengo yachisanu chiperoni chikatsika pa Bvumbwe, galimoto ya kutsogolo umaiona uli nayo pafupi kale. Wa Midima ndi waufupi komanso wowongoka m'malo ambiri, koma pamisika ngati pa Nkando anthu ndi njinga zakabaza zimasefukira mumsewu. Mukalankhula chonchi mwamupatsa munthu zosankhira. Akafuna kuti ana aone tiyi, adziwa mtengo wake.

Mawu amene amasokoneza kwambiri ndi mtunda. "Kuchoka pano kukafika uko pali mtunda." Kodi ndi kutali, kapena ndi kokwera? Chichewa chimalola zonse ziwiri, ndipo pocheza palibe vuto. Polozera wokoka kalavani tisasiye mawuwa ali okha. Ngati tikunena kutalika, titi mtunda wautali, kapena titchule makilomita. Ngati tikunena kukwera, tili ndi chitunda ndi chikweza. Ngati tikunena kutsika, tili ndi mtsetse ndi matsitso. Malo osakwera osatsika ndi athyathyathya. M'mbali mwa msewu mukakhala mozama, limenelo ndi phompho, osati dzenje. Dzenje ndi lija lili pakati pa tala, lophulitsa tayala. Mawu onsewa tinakula nawo, ndipo agogo athu oyenda pansi ndi mtolo pamutu sankawasokoneza, chifukwa miyendo inkawauza kusiyana kwake.

Ndikakamira pa mtsetse chifukwa ambiri amaopa chitunda. Chitunda chimachedwetsa ndi kutenthetsa injini. Mukaona muvi wa kutentha ukukwera mumaima pambali n'kudikira. Mtsetse sudikira munthu. Makalavani ang'onoang'ono ambiri alibe mabuleki akeake, choncho kulemera konse kwa ufa ndi mipando kumakankha galimoto kuchokera kumbuyo. Dalaivala akamangoponda buleki kuyambira pamwamba, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako amaleka kugwira. Njira yake ndi kutsika ndi giya yaikulu, ija yokwerera chitunda, kuti injini ithandize kuletsa liwiro. Onani apanso chinenero: madalaivala ena giya yoyamba ndi yachiwiri amaitcha yaikulu poti ndi yamphamvu, ena amaitcha yaing'ono poti nambala yake ndi yochepa. Pophunzitsa mnyamata, tchulani nambala, kuti "ika thu," nkhani ithe.

Msewu wa ku Chikwawa, umene ife a mbali ino ya Soche tili nawo pafupi, ndiwo mphunzitsi wa zimenezi. Blantyre ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, pomwe chigwa cha Shire pa Chikwawa chili pafupifupi mamita 100 okha, ndipo ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 50. Mukadutsa Mpemba, Chadzunda ndi Madziabango, msewu umayamba kupota m'mapiri mpaka pa Thabwa. Pamwamba paja maso amadya: Shire akunyezimira kumunsi, chigwa chatambalala mpaka kutali. Munthu amene anaima pamenepo n'kujambula chithunzi adzakuuzani kuti ndi msewu wosangalatsa. Wokoka kalavani muuzeni kuti ndi mtsetse wautali wa makhona, asanayambe kutsika aime, aone zingwe, aone tcheni ndi chitsulo chokolekera, ndipo asatsike usiku ngati angathe kupewa. Kumeneku kulibe msewu wina wapafupi woti n'kusankha, ndiye chomwe tingamupatse ndi mawu oona basi.

Za makhona, mawu obwerekawa akhazikika ndipo sindilimbana nawo, koma asatiiwalitse kusiyanitsa. Msewu wokhota ndi wina, wokhotakhota ndi wina, ndipo khona yobwerera kumene wachokera, ngati zija 20 za msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, ndi nkhani inanso. Pakhona yotere matayala a kalavani sapita mmene mwapita a galimoto, amadula m'kati. Ukakumana ndi lole pamenepo, kubwerera m'mbuyo ndi kalavani pamtsetse si ntchito ya dalaivala aliyense.

Nanga chidule? Mawu amenewa apweteketsa ambiri. Njira yachidule ndi imene yadula mtunda, osati imene yadula nthawi. Wochokera ku Dedza kupita ku Monkey Bay akhoza kupatuka pa Masasa n'kutsikira ku Golomoti kudzera mu Khwekhwelere, ndipo n'zoona kuti wadula. Malo ake ndi ochititsa kaso, nyanja imaonekera patali kunja kukayera. Koma kuchoka kumapiri a Dedza, kumene boma lili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, kutsikira kuchigwa cha nyanja imene ili mamita osafika 500, msewu sungachitire mwina koma kupindika kosaleka. Wa galimoto yaing'ono yopanda katundu amasangalala nawo. Wokoka kalavani yodzadza, chidule chimenechi chingamutengere nthawi ndi thukuta kuposa njira yozungulira. Ndiye tikanena kuti yachidule tisaganize kuti tanena kuti yachangu, kapena yosavuta. Ndi mawu atatu osiyana.

Tisanamizanenso za msewu waukulu. Masiku ano pakamwa pa achinyamata pali "haiwe," ndipo akatero m'maganizo mumabwera chithunzi cha Masauko Chipembere pakati pa Blantyre ndi Limbe, kapena misewu ya ku Joni imene abale athu amatiuza. M1 wopita ku Lilongwe si wotero. Ndi msewu wa mbali ziwiri zokha, wopita ndi wobwera, ndipo mumayendanso mathanki a mafuta, njinga za makala, mbuzi ndi ana asukulu. Pa Lunzu, pa Lizulu ndi pa Bembeke msika umakhudza tala. Ubwino wake kwa wokoka katundu uli pena: makhona ake ndi otakasuka, malo omwetsera mafuta ndi omatira matayala ali pafupipafupi, ndipo chikakuonongekera sukhala wekha kutchire. Konzekeraninso ndalama zolipira pachipata cha pa Chingeni, chimene chinayamba kumapeto kwa 2021, ndi cha pa Kalinyeke. Liwiro la msewu wowongoka lilinso ndi msampha wake. Katundu wolemera akalongedwa kumbuyo kwa matayala a kalavani m'malo mwa kutsogolo pang'ono, kalavaniyo imayamba kugwedezeka uku ndi uku, makamaka thiraki ikadutsa ndi mphepo yake. Mankhwala ake ndi kuchotsa phazi pamoto pang'onopang'ono chiwongolero chili chowongoka, osati kuponda buleki mwadzidzidzi.

Wopita ku Salima kapena Nkhotakota ali ndi kusankha kofananako: kukhalabe mu M1 mpaka Lilongwe n'kutsikira kunyanja, kapena kutenga M5 wodutsa ku Mua ndi Golomoti. Wachiwiriyu ndi wathyathyathya m'malo ambiri, wa milambe ndi kutentha, koma uli ndi zigawo zopapatiza ndi milatho ina yodutsa galimoto imodzi. Izi n'zimene ziyenera kutchulidwa, osati kungoti "wa kunyanja uja ndi bho."

Chichewa chili ndi chida china chimene timachigwiritsa ntchito osachiganizira: pa, ku ndi mu. Timati pa Thabwa, pa Chingeni, pa Masasa, poti ndi malo amodzi pamene umafika n'kudutsa. Timati ku Ntcheu, ku Zomba, poti ndi dera kapena kolowera. Timati mu Khwekhwelere, m'mapiri a Machinga, poti umalowamo n'kukhalamo nthawi usanatuluke. Munthu akati "pa Machinga pali khona," womvera amayembekeza khona imodzi. Akati "m'mapiri a Machinga muli makhona, ndipo n'kotsika mpaka kuyandikira Liwonde," womvera amadziwa kuti aike giya ndi kudekha. Amene akupita ku Mangochi angathe kusankha pamenepo kudzera ku Zalewa ndi Balaka m'malo mwa Zomba. Chimodzimodzi aneni athu: kudzera, kudutsa, kulambalala, kupatuka, kukhotera. "Mudutse pa Balaka" ndi "mukhotere ku Balaka" ndi malangizo awiri osiyana, ndipo wosokoneza awiriwa amatumiza kosita yodzadza anamfedwa kolakwika.

Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 n'kulowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, linatisiyira malamulo a kalembedwe, ndipo n'chifukwa chake timalemba msewu osati mseu. Koma malamulo sangalowe pakamwa pa munthu amene akulozera mnzake njira pa Kamba. Chimene chimatilepheretsa kawirikawiri si umbuli wa mawu ayi, ndi ulemu wathu womwe. Sitifuna kuopseza wapaulendo, makamaka wa pamaliro, ndiye timati, "Si patali, mufika bwinobwino." Mkulu akanena kuti tidzere ku Thyolo, dalaivala wachinyamata amachita manyazi kutsutsa. Chinenero chathu chili ndi njira yonenera choona popanda mwano: "Bambo, kumeneko n'kosangalatsa ndithu, koma mmene talongeramu, ndikanakonda tidzere ku Midima, pobwerera tili opepuka tidzadzere ku Thyolo." Palibe mkulu amene anganyozeke ndi mawu amenewa.

Nyengo yamvula imawonjezera mawu ena ofunika kuwasamala. Chimphepo cha Ana mu Januwale 2022 ndi cha Freddy mu Malichi 2023 zinationetsa misewu itaonongeka m'njira zosiyanasiyana, koma m'mauthenga a pafoni zonse zinkangotchedwa "msewu waduka." Msewu woduka ndi umene pakati pachoka, sungadutsike. Wokumbika ndi wa maenje, umadutsika mochedwa. Wokokoloka m'mbali watsala wopapatiza: galimoto yaing'ono ingadutse, koma tayala la kalavani lingaponde pamene nthaka yadyeka kunsi. Wotsekeka ndi umene pagwera miyala, mtengo kapena thiraki, ndipo ungatseguke tsiku lomwelo. Mlatho womira ndi madzi ndi wosiyana ndi mlatho wokokoloka. Pakakhala kanjira kolambalala kafumbi kamene akonza mongoyembekezera, nenaninso ngati kali koterera ndiponso ngati kosita yokoka kalavani yadutsapo kale, ndipo tchulani tsiku limene munadutsapo inuyo.